Kabowo Kamodzi

Che Sumani anabwera nalo pa njinga,
bokosi lomangidwa ndi mphira ngati nkhuku yopita kumsika.
Analiika patebulo panga osapereka moni.
Fungo ndi lomwe linayamba kulankhula:
pulasitiki wopserera,
ndi mpunga wa ku Lifuwu umene wadikira madzi sabata yathunthu
pampu ili duu.

Bolodi imeneyo ndinaijambula ndine.
Unali Okutobala, pano pa Kamuzu Road,
laputopu pamaondo, thukuta likudonthera pa mabatani,
ndikukoka misewu ya mkuwa yotakata bwino,
ndikudzitama mumtima.
Pamene msewu wa pamwamba unafuna kutsikira kunsi kwa bolodi
ndinaika kabowo kamodzi.
Kamodzi basi,
koti ngakhale njere ya mapira singalowe.

Dzuwa likafika paliwombo, sola imakhuthula zonse:
maampeya makumi awiri,
onse kulimbirana khomo limodzi
ngati anthu pa depoti tsiku lofika chimanga.
Pomwe khoma la kabowoko ndi mkuwa
wopyapyala kuposa khungu la anyezi.
Masana linkafufuma, usiku n'kufota,
mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi,
mpaka linang'aluka ngati chidendene m'chilimwe.
Chatsala ndi kadontho kakuda aka,
kamene Che Sumani akukaloza ndi chikhadabo.

Ndaziona, akutero, ine za waya sindidziwa.
Ndimadziwa kuti ngalande ikachepa, madzi amadya mzere.

Ndinangoti kukamwa yasa.
Ndinakumbuka chaka chija tinatsika minibasi ya ku Nkhotakota
nsapato m'manja, katundu pamutu,
chifukwa kalavati imodzi inauzidwa kumeza mtsinje wonse
ndipo mtsinje unangonyamula msewu.

Ndinawamangira kamlatho ka waya wonenepa podutsa pachilondapo,
konyansa m'maso, koma pampu inatsokomola n'kudzuka.
Ndalama sindinalandire.

Usiku womwewo ndinatsegulanso chojambula.
Kabowo kalikonse ndinakapatsa ampeya imodzi, osapyola.
Makumi awiri, ndiye tibowo makumi awiri.
Ndinawonjeza khumi
chifukwa buku lowerengera linalembedwa kumalo kozizira,
silidziwa bokosi lachitsulo lotsekedwa m'munda ku Salima
nthawi ya nkhomaliro.

Poyamba ndinatindandalika pamzere umodzi
ngati odwala pa benchi ya chipatala.
Ndinafufuta.
Magetsi ndi aulesi, amalowa khomo loyamba kulipeza,
woyambirira amapsa, wakumbuyo akuyasamula.
Ndinatiyala chopingasa, phewa ndi phewa,
pafupi ndi mwendo wa chitsulo pamene katundu amatsikira,
koma osathithikana,
poti ukaboola mopyola muyeso
umatha mkuwa womwewo umene ukuudalira.
Mkuwa ndinaitanitsa wochindikala kawiri.
Mtengo wake unandiwawa m'mimba,
ndinadina batani nditatsinzina.

Masabata asanu ndi limodzi.
Fakitale ya kutsidya kwa nyanja zamchere, ndege, msonkho,
kenako kondakitala wa basi ya ku Lilongwe
akundipatsira kaphukusi pawindo.
Tibowoto ndinatimwetsa mtovu mpaka tinakhuta,
kupatula tiwiri tomwe dzanja linanjenjemera.

Che Sumani anainyamula bolodi n'kuiyang'anitsa kudzuwa.
Kuwala kunatulukira pa tiwiri tija.
Anawerenga tonse ndi milomo, anasokonezeka, anayambiranso.
Ndalipira makina, anatero,
inu mwandipatsa sefa.

Tinapita limodzi kumunda, ine pa kabaza.
Tinadikira mthunzi ulowe pansi pa mapazi.
Paipi inagwedezeka, inalavula mpweya, kenako matope,
kenako madzi oyera akuthamangira m'ngalande,
akakowa akudzuka m'mapesi.
Iwo anathamangira kukatsegula mzere.

Ine ndinatsala pa bokosi.
Mita ikuti makumi awiri ndi imodzi.
Ndinaika kumbuyo kwa chala pamalo paja,
ndikuyembekezera kulumidwa.
Panali pofunda chabe,
ngati mphumi ya mwana
amene malungo amusiya m'bandakucha.

Sindinachotse chala msanga.